Wawo Anapita Kumwamba, Wanga Anatsikira M'chitsime

Tabwera nayo kuno foniyo, Tadala, ndione chimene chakuiwalitsani kuti m'chigafa muno tabwera kudzasoka fodya. Masamba akufota apa, inu mwaunjikana ngati nkhuku pa madeya. Usandipatse m'manja, manja angawa akumata. Ingoyandikitsa kumaso kuno.

Iii! Ameneyu ndiye galu wa ku Rasha uja? Kagalu kochepa chonchi, makutu opindika ngati agalu a m'mudzi muno? Zaka zonsezi ine ndimaganiza kuti chinali chigalu chachikulu ngati thole.

Mukudabwa kuti ndikumudziwa. Ana inu mumayesa kuti dziko linayamba tsiku limene foni inafika kwa Chulu. Galu ameneyu ndinamva mbiri yake atate anu asanabadwe, ndipo anatsala pang'ono kundithetsera banja. Khalani pansi, manja azigwira ntchito makutu akumva. Iwe Limbani, usaunjike masambawo ngati ukumanga nkhuni, adzaolera pa mkangala.

Chaka chimenecho ndinali nditangokwatiwa kumene. Agogo anu aamuna, a Mwale, anali mkamwini pamudzi pathu pano. Inu munawapeza ali ndi ndodo, mano atatha. Paunyamata anali munthu wooneka bwino, ndisaname. Wamtali, mpata m'mano, njinga yakuda yokhala ndi belu. Vuto lawo linali limodzi: anafika Sitandade 3 yakale ija, ndiye chilichonse chimene mzungu wachita kwa iwo chinali ngati chatsika ndi Mose kuphiri. Mzungu akanayamba kuyenda chammbuyo, a Mwale akanatembenuza chishalo cha njinga.

Wayilesi dera lonse lino inali imodzi, m'sitolo mwa a Saidi. A Saidi anali Msilamu wochokera kummwera, ankagulitsa mchere, parafini, singano ndi sopo wamtali wochita kudula ndi mpeni. Wayilesiyo inali yozungulira ngati sefuliya, batire lake ngati njerwa, ndipo inkalankhula kuchokera ku Lusaka. Sinali yomangotsegula ngati zanuzi zimene mumalowa nazo ndi kuchimbudzi komwe. Ankaitsegula nthawi ya nkhani basi, akamaliza n'kuifundika nsalu ngati mwana wakhanda. Amuna ankadzaza m'katimo, ife akazi tinkamvera pawindo, tikunamizira kuti tabwera kudzagula mchere.

Tsiku limenelo ndinalidi nditabwera kudzagula mchere. Munthu wa m'wayilesi uja anati azungu a ku Rasha aika galu m'chombo, achiponya kumwamba kupitirira mitambo, ndipo pamene tikulankhula pano galuyo akuzungulira dziko. Akufuna aone ngati chamoyo chingapume kumeneko asanatumize munthu.

Kenako atsibweni anga, a Kamphinda, amene anali mkulu wa mpingo, anavula chipewa n'kuchivalanso.

"Ife tinabatizidwa," anatero, "mowa tinasiya, mitala tinakana, Sabata lililonse tili pa benchi. Lero galu n'kutitsogolera kumwamba?"

"Si kumwamba kwa Mulungu, atsibweni," anayankha a Mwale. "Kumeneko n'kwa sayansi. N'kwapansi pang'ono."

"Munapitako inu?"

A Saidi anali akuyeza mchere wanga. Munthu amene galu sankamukhudza ngakhale ndi chala, ndi amene anafunsa funso lokhalo la nzeru tsiku limenelo.

"Nanga atsika bwanji?"

A Mwale anaseka, kuseka kwa munthu wa Sitandade 3. "A Saidi, mzungu saponya chinthu osadziwa kumene chikagwere."

Ine pawindo paja pakamwa panandiyabwa. Ndinati, "Galuyo ndi wamwamuna kapena wamkazi?" Amuna onse anacheuka ngati yalankhula ndi mbuzi. Koma patapita masiku wayilesi inanena yokha kuti anali wamkazi, womutola m'misewu. Ndinati ndinadziwa. Ulendo woopsa atumiza wamkazi, amuna atsala pansi akumwa tiyi.

Tsono nanenso ndinali ndi galu wanga wamkazi, dzina lake Nenani. Inu agalu anu mumawatcha maina a m'mafilimu, oti ngakhale galuyo sakuwamva. Kale dzina la galu linali uthenga. Ukakhala ndi mnzako wamiseche, sunkapita kukayambana naye. Unkangotcha galu dzina, ndiye mnzakoyo akamadutsa iwe n'kuitana mokweza, "Nenani! Nenani, bwera udye!" Wanga ndinamutchera mkazi wina wa kuseri kwa nyumba yathu, amene ankawerenga miyezi ya mimba za anzake. Anamwalira kale, musandifunse dzina, adzukulu ake mumaphunzira nawo.

Nenani sindinamugule. Ananditsata yekha kuchokera kudambo ali kamwana, nthiti zili pamtunda. Anakula n'kukhala wofiirira, wa mchira wopiringizika, wakuba mazira koma wokhulupirika pa zina zonse. Ndikapita kunkhuni anali patsogolo, ndikadwala ankagona pakhomo osachoka. Nthawi imene ndikunenayi anali atangoswa kumene, tiana take tisanatsegule maso bwinobwino.

Chaka chimenecho mvula inachedwa. Inu mumadziwa bale, fodya woumika ndi mphepo m'chigafa ngati uyu. Ife tinkalima chikopa, fodya wakuda woumika ndi utsi m'balani. Koma bale kapena chikopa, onse amayambira pa nazale, ndipo nazale imafuna madzi m'mawa ndi madzulo. Zitsime zonse za kudambo zinauma. Unkafukula mpaka mkono wonse kulowa, n'kutunga matope osadzaza ndi chikho chomwe. Mbande zinayamba kufiira m'mphepete. Mbande zikafa, chaka chafa. Palibe chovala, palibe mchere, ndipo wamsonkho samva kuti mvula inachedwa.

Kumunsi kwa mudzi kunali chitsime chakale chimene anakumba agogo anga. Chinali chakuya, chouma, chophimbidwa ndi mitengo. Anthu ankachiopa chifukwa munthu wina analowamo kalekale n'kumutulutsa atakomoka. Ena ankati muli mizimu, ena ankati muli mpweya woipa. Aliyense ankadziwa kuti atachikumba pang'ono madzi angapezeke, koma aliyense ankafuna kuti wokumbayo akhale mnzake.

Tsiku lina masana a Mwale anakhala pakhonde akuyang'ana Nenani akuyamwitsa. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyang'ana kumene sindinakukonde.

"Naphiri," anatero, "azungu aja atiphunzitsa kanthu."

"Atiphunzitsa chiyani?"

"Malo oopsa umatsogoza galu. Timuike Nenani m'dengu, timutsitsire m'chitsime chija. Akapuma bwino, ndiye kuti munthu angathe kulowa."

"Galu wa yani?"

"Galu ndi galu, Naphiri."

"Ndimamva kuti okumba zitsime amatsitsa nyali yoyaka. Ikazima ndiye kuti mpweya ndi woipa. Bwanji osatsitsa nyali yanu ija?"

Mukanaona nkhope yawo. Nyali ija inali ya galasi, ankaipukuta ndi malaya awo a kutchalitchi.

"Nyali ndinagula," anatero. "Ikasweka? Galu anabwera yekha."

Ndinati, "Nanunso pamudzi pano munabwera nokha."

Nkhani inathera pomwepo, ine n'kumati yatha. Ana inu, mwamuna akakhala chete msanga usamati wagonja, amakhala akufuna tsiku limene upite kunkhuni.

Ndinapitadi kunkhuni, ndipo Nenani anatsala chifukwa cha ana. Pobwerera ndinamva tiana tikulira kuseri kwa nkhokwe, mayi wake palibe. Mudzi wonse zii, amuna onse palibe. Ndinaponya mtolo pansi n'kuthamangira kumunsi. Ndinali ndi pakati pa atate anu aakulu, mimba itayamba kuoneka, koma ndinathamanga.

Ndinapeza amuna atazungulira chitsime, mitengo atachotsa, a Mwale ali pakati manja m'chiuno ngati amene wamanga njanji. Pansi penipeni, mumdima, munkamveka kulira kwa Nenani. Sikunali kuuwa ayi, kunali kulira kwa galu wopweteka.

"Zatheka, Naphiri!" anatero a Mwale. "Tamvani, akulira bwinobwino. Mpweya ulimo."

Ndinayang'ana pambali. Dengu linali pamtunda, lopanda kanthu.

"Nanga denguli likutani kuno?"

Apa anayamba kukanda m'mutu. Zinachitika n'zakuti dengu lisanafike pansi linapendekeka, galu n'kugwa. Pokoka chingwe, linabwera dengu lokha.

"Ndiye mumutulutsa bwanji?"

Amuna akuluakulu, ndevu mpaka pachifuwa, onse anaganiza za kutsitsa, za kukweza palibe anaganizako. Wina anati tiikemo chakudya m'dengu, akalowa kuti adye tikoke. Anaikamo mkute n'kutsitsa. Nenani anadya mkute uja ali kunja kwa dengu, dengu n'kubweranso lokha, loyera ngati alitsuka.

A Mwale anati, "Komabe n'zabwino kuti agone momwemo. Tione ngati mpweyawo ukhalitsa mpaka mawa. Ndi mmene amachitira."

"Ana ake ayamwa chiyani?"

Atsibweni anga analowererapo ndi mawu awo a paguwa aja. "Naphiri, mwana wanga, usatichititse manyazi pa anthu. Ndi galu chabe. Adzaswa ena."

"Adzaswera m'chitsimemo?"

Ndinamasula chingwe ku dengu n'kuyamba kuchimanga m'chiuno mwanga, pamwamba pa mimba. Musandiyese wolimba mtima ayi. Ndikayang'ana m'dzenjemo mutu unkazungulira. Koma kulira kuja kunkandilowa m'mafupa, ndipo ndinali nditakwiya, kukwiya koti sutha kuona bwino. Ndinakhala m'mphepete mwa chitsime, miyendo n'kulendewera m'kati.

"Gwirani chingwe," ndinatero. "Mukapanda kugwira ndingolumpha."

Apa atsibweni anaiwala Chikhristu chonse. Inu simudziwa, kale mtsibweni ndiye anali mwini mbumba. Ine kufera mmenemo ndi mimba, mlandu unali wawo, osati wa a Mwale. Anandigwira phewa n'kundikokera kumbuyo, kenako anatembenukira kwa agogo anu.

"Mkamwini."

"Wawa."

"Mwati mpweya ulimo?"

"Ulimo, koma kuti titsimikize bwino…"

"Tsikani."

Mkamwini pamudzi pa eni ake sakana kawiri. Anavula malaya, anawapinda bwinobwino, anandipatsa ine ngati munthu wopita kunkhondo. Anawamanga chingwe m'khwapa, dengu atakolekera paphewa, n'kuyamba kuwatsitsa. Ankatsika akuimba nyimbo ya pamaliro, mawu akunka nachepa. Kenako tinamva phokoso, kenako kukuwa.

"Mayo! Wandiluma!"

"Wakulumani pati?" anafunsa atsibweni.

"Sipotchula pa akulu!"

Chilonda chimenecho anapita nacho kumanda, ndipo amene tinachiona ndife awiri, ine ndi amene anawasambitsa. Leka kuseka, Limbani, ukugwetsa masamba.

A Mwale anamugwira ndithu galuyo, n'kumukulunga m'dengu, n'kumasula chingwe m'khwapa mwawo kumangira dengulo. Amuna anakoka. Nenani anatuluka ali matope okhaokha, mwendo wakutsogolo ukulendewera, utathyoka. Atandiona sanauwe. Anangoika mutu pamwendo panga, thupi lonse likunjenjemera.

Amuna aja anati amasule chingwe achiponyenso pansi. Anapeza ine nditachikhalira.

"Naphiri, chingwe."

"Dikirani, ndimange kaye mwendowu."

Ndinatuma kuti anditengere timitengo ndi luzi, abweretsenso ana aja adzayamwe. Ndinamanga mwendo pang'onopang'ono, mosafulumira, ngati ndikuluka mphasa yogulitsa. Pansi paja mawu anayamba kumveka.

"Atsibweni! Chingwe!"

Atsibweni anayang'ana kumwamba ngati akuona mbalame.

"Naphiri! Naphiri, mkazi wanga!"

Ndinasuzumira. Ndinati, "Mpweya ulimo?"

"Ulimo! Ponyani chingwe!"

"Akulira bwinobwino," ndinawauza amuna aja. "Koma n'zabwino kuti agone momwemo, tione ngati ukhalitsa mpaka mawa. Ndi mmene amachitira."

Amuna anaseka mpaka ena kukhala pansi. A Mwale anapempha, anaopseza kuti abwerera kwawo, anatchula mavesi, analonjeza mpango. Ine phee pachingwe, tiana tikuyamwa. Kenako anasiya kulankhula.

Poyamba ndinati akwiya. Ndinaitana, "A Mwale!" Zii. Ndinaitananso. Zii. Kuseka konse kunatha. Ndinakumbuka munthu uja anatuluka atakomoka. Ndinaganiza za mwana amene adzabadwe n'kumauzidwa kuti atate ako anafera m'chitsime amayi ako atakhalira chingwe. Ndinachiponya ndekha, ndikukuwa dzina lawo lenileni limene mkazi sankatchula pagulu.

Chingwe chinagwedezeka. Amuna anakoka, inenso ndinakoka. A Mwale anatuluka ali moyo ndithu, maso ali gwa, dzanja limodzi atafumbata. Anafumbatula pamaso pa atsibweni. Munali matope onyowa, akudontha.

Nenani, ndi ludzu lake ndi mwendo wake umodzi wakutsogolo wotsalawo, anali atafukula pakona pamene ananunkhiza chinyezi. Madzi anali atayamba kusonkhana m'kadzenjeko. A Mwale anakhala chete chifukwa anali atagwada akufukula ndi manja, ine kumtunda kuno nditawalira kale maliro.

M'mawa mwake amuna amene ankaopa mizimu ankalimbirana kulowa ndi makasu. Madzi anatuluka, nazale inatsitsimuka, mvula itabwera tinawokera. Chikopa cha chaka chimenecho chinali chabwino. A Mwale anandigulira mpango uja ndi nsalu yatsopano, ndipo sindikubisirani, ndinavala. Ndinkapita nayo kutchalitchi Nenani akutsimphina pambuyo panga. Mwendo unapola mokhota, sanathamangenso mpaka imfa yake.

Ndiye iwe Tadala ukandifunsa kuti a Mwale analakwa kapena ayi, ndikuuza kuti analakwa, koma madziwo ndinamwa. Ndipo tisamangonena azungu. Ifenso bowa wokayikitsa tinkayamba tapatsa galu. Ng'ombe yakukokera ngolo zaka zonse, ikakalamba timaidya ndi chiwindi chomwe. Chimene chinkandiwawa ine n'chakuti nyali inalipo. Inali pa msomali m'nyumba, yopukutidwa bwino.

Patangopita masiku ochepa chichitikire za m'chitsimezo tinali kwa a Saidi, ine pawindo, a Mwale m'kati atakhala tsonga ndi thako limodzi. Wayilesi inanena kuti galu wa ku Rasha uja anafera komweko. A Saidi anafunsitsa kwa aphunzitsi amene ankawerenga nyuzi, n'kumva kuti njira yomutsitsira panalibe kuyambira pachiyambi. Anamukweza akudziwa.

A Saidi anafundika wayilesi nsalu yake. Anati, "A Mwale, ine galu sindimukhudza, akandinyambita ndimakasamba. Koma kumutsekera m'chitini n'kumuponya kumene kulibe ngakhale mthunzi, ayi. Analengedwa ndi Mwini wake ameneyo."

Pobwerera a Mwale sanakwere njinga, ankangoikankha, ine ndili pambuyo ndi mchere pamutu. Titayandikira kumudzi anaima.

"Naphiri, ndiye kuti chingwe analibe n'komwe?"

"Analibe."

"Ife chinalipo."

"Chinalipo, nzeru yokokera ndiyo munalibe."

Foni yakoyo ikuti chiyani, Tadala? Anafa ndi kutentha, tsiku lomwelo? Ife anatiuza kuti anakhala masiku akudya bwino. Mayo ine. Inu simunalowepo m'balani moto uli mkati. Ine ndinalowamo, umatuluka ukukwawa. Koma ine ndinkadziwa kumene kuli chitseko.

Pambuyo pake tinamva kuti atumizanso agalu ena, ena mwa iwo n'kubwerera amoyo. A ku Amereka anatumiza anyani, ndipo atsibweni anati amenewo atenge onse, ayambire a m'munda mwawo. Kenako anapita anthu, zithunzi zawo n'kumatuluka m'manyuzi atavala zipewa ngati miphika, akumwetulira ngati njirayo anaitsegula okha. A Mwale nkhani zimenezo anasiya kuzitsata. Wayilesi ikayamba za kumwamba ankatuluka kukapopa njinga.

Ntchito imene anaigwira zaka zambiri inali yonyengerera Nenani. Munthu wamkulu, wa ana, ankabisa fupa m'thumba la malaya kuchokera kuukwati. Ankanjuta pabwalo n'kumaitana ndi timawu ta mwana. Nenani ankawayang'ana, n'kuyang'ana fupa, n'kudikira. Akaliika pansi n'kuchokapo, ndiye ankabwera kudzatenga. M'manja mwawo sanadyemonso mpaka kalekale. Ine ndinawakhululukira chaka chomwecho, chifukwa mkazi wa pabanja amakhululuka kuti apeze pogona. Galu analibe chomukakamiza.

Nenani atafa ndi ukalamba, anthu anati timutaye kuthengo monga mwa agalu onse. A Mwale anangotenga khasu. Anakumba pafupi ndi chitsime chija, pansi pa mkuyu, anamukulunga m'thumba n'kumuika bwinobwino. Atsibweni, atakalamba zedi nthawi imeneyo, anabwera ndi ndodo kudzawaletsa kuti anthu adzati mpingo wayamba kuika agalu m'manda. A Mwale anapitiriza kukwirira. Anangoti, "Sindikuimba nyimbo, atsibweni. Ndikungomutsitsa bwino ulendo uno."

Agogo anu ankafunitsitsa kuti chitsime chija chizitchedwa cha a Mwale, popeza ndi amene analowamo. Anayesa kuuza alendo, anayesa kuuza ana asukulu. Sizinagwire. Akazi akasenza mitsuko ankangoti tikupita pa Nenani, ndipo mpaka lero mjigo umene anaika pamalopo mumautcha chomwecho. Bwanji mwatsegula pakamwa? Mumayesa Nenani anali ndani, mfumukazi?

Si inu nokha. Atate anu aang'ono a ku Lilongwe aja, a tayi ndi magalasi, anachoka pamudzi pano ali wamng'ono kupita kusukulu zogonera komweko. Mwana wawo wamkazi atabadwa anandiimbira foni mwaulemu. Anati, "Amayi, mwanayu tamutcha Nenani, dzina la gogo wathu uja anapezera mudzi madzi." Ine ndinati mwachita bwino, mwana wanga, anali mayi wolimba, wa ana ambiri, ndipo atate ako ankamuopa.